Lamulo Lagwira Jumbo, Lasiya Botolo

Mvula yoyamba ikagwa kuno ku Chitawira, sitifunsa munthu kuti anthu a mu Blantyre akhala akumwa chiyani chilimwe chonse. Ngalande zimatiuza zokha. Madzi akatsika kuchokera kumtunda amakokolola zonse zimene zinabisala m'maudzu ndi m'makwalala kwa miyezi isanu ndi umodzi, n'kudzaziunjika pakamwa pa kalavati: mabotolo a madzi, a zakumwa zoziziritsa kukhosi, a juwisi, ndi timabotolo ta mowa uja achinyamata amautcha midoli. Kalavati ikatsekeka madzi amafuna njira ina, ndipo njirayo imakhala msewu, khonde la munthu, kapena bwalo la madrasa pamene ana athu amavulira nsapato. M'mawa mwake timatuluka ndi makasu ndi mafosholo, timavuula mulu wonsewo n'kuusiya m'mbali mwa msewu kuti uume. Mphepo ndi mvula yachiwiri zimaubwezera momwe tinauchotsa.

Takhala tikuvuula milu yotereyi zaka zingapo tsopano, ndipo pali chinthu chimodzi chimene sitinachipezemo: botolo lagalasi la Fanta kapena la Coca-Cola lomwe lili lathunthu. Anthu amene amamwa za m'galasi ndi omwewonso amamwa za m'pulasitiki. Amapemphera m'mizikiti ndi m'matchalitchi omwewo, anaphunzira m'sukulu zomwezo, ndipo uve wawo kapena ukhondo wawo susintha chifukwa cha chakumwa chimene agula. Koma botolo lagalasi amalibweza kugolosale, lapulasitiki amaliponya pawindo la minibasi. Chifukwa chake achidziwa ngakhale ana: lagalasi lili ndi mtengo ndiponso lili ndi mwini amene akulidikira, pamene lapulasitiki chakumwa chikangotha silikhalanso la munthu aliyense. Nkhani yathu yagona pamenepa. Tikufuna kuunika malamulo ndi ndondomeko zimene dziko lathu latsata polimbana ndi pulasitiki, pakuti tikuona kuti zalambalala chinthu chimene chili poyera m'ngalande iliyonse.

Ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tikukumbuka mwambo wake wa botolo. Mlendo akafika pakhomo, mayi ankatipatsa ndalama m'dzanja limodzi ndi botolo lopanda kanthu m'dzanja lina. Ukafika kugolosale wopanda botolo, mwini sitolo ankakuikira ziwiri: umwere pomwepo iye akukuyang'ana, kapena usiye dipoziti imene udzaitenge pobweza botolo lake. Pa ukwati, pa sadaka ndi pa ziyala pankakhala munthu wokhulupirika amene ntchito yake inali kuwerenga makireti ndi kusaka botolo lililonse limene lasowa, chifukwa kusowa kwa botolo limodzi kunali ngongole ya mwini mwambo. Mwana akatola botolo m'tchire ankadziwa kuti watola ndalama. Palibe nduna imene inabwera kudzatiphunzitsa zimenezi, ndipo panalibe chikwangwani chotichenjeza za chilengedwe.

Dongosolo limeneli silinabadwe chifukwa cha chifundo cha makampani. Kampani ya Southern Bottlers, imene tonse timaidziwa ndi dzina lakuti Sobo, inayamba ntchito mu 1955, dziko lino likadali Nyasaland, ndipo kwa zaka zambiri galasi linali chuma chake. Botolo lagalasi ndi lodula, choncho kampani sikanapindula ikanalola kuti ligwire ntchito kamodzi kokha. Lole imene inkapita ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota itadzaza zakumwa inkabwerera itadzaza mabotolo opanda kanthu, omwe ankatsukidwa, kudzazidwanso ndi kutumizidwanso. Mkanda woyera umene umaoneka m'chiuno mwa botolo lakale, pamene lakhala likukhulana ndi anzake, ndi umboni wa maulendo ake. Ku Germany amawerengera kuti botolo lagalasi likhoza kudzazidwa mpaka maulendo 50. Wopanga chakumwa ndiye ankasenza udindo wa chotengera chake kuchokera pa fakitale mpaka kubwerera pa fakitale, ndipo mtengo wa udindo umenewo unkalembedwa m'mabuku ake.

Botolo lapulasitiki la mtundu wa PET, limene katswiri wa kampani ya DuPont ku America, Nathaniel Wyeth, analilembetsa ngati luso lake mu 1973, linasintha masamu onsewa. Tisaname, lili ndi ubwino wake. N'lopepuka, silisweka pa matola kapena pa kabaza, silicheka phazi la mwana, ndipo wapaulendo amalitseka n'kumweranso patsogolo. Kwa kampani ubwino wake ndi woposa apa: lole siyenera kubwerera ndi katundu, makina otsukira safunika, ndipo makireti sawerengedwa. Komatu ntchito yosamala chotengeracho sinathe, inangosamuka. Inachoka m'mabuku a kampani n'kugwera khonsolo ya mzinda, imene galimoto zake zimatola gawo chabe la zinyalala za anthu oposa 800,000 amene kalembera wa 2018 anawapeza mu Blantyre. Inagwera mayi amene madzi a m'ngalande alowa m'nyumba mwake, ndi msodzi amene wakoka khoka lodzaza zinyalala. Zakumwa za m'pulasitiki zimaoneka zotsika mtengo chifukwa gawo lina la mtengo wake limalipidwa ndi anthu amene sanamwe nawo.

Boma silinakhale chete pa nkhani ya pulasitiki, ndipo tiyenera kunena chilungamo pa zimene lachita. Mu 2015 linakhazikitsa malamulo oletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Makampani opanga majumbo anathamangira kukhoti n'kutenga chiletso. Pa 31 Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito, koma ziletso zina zinatsatira, kotero kuti bungwe loteteza chilengedwe la MEPA linadzamasuka kukhwimitsa lamuloli kumayambiriro kwa 2025, patatha zaka khumi. Pankhondo imeneyi panaoneka anthu olimba mtima. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene anaona mbuzi za alimi zikufa chifukwa chodya majumbo n'kusonkhanitsa anzawo kuti nkhaniyi isafere m'makabati a khoti, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Ulemu umenewo ndi wowayenera.

Koma tiyeni tiliwerenge lamulolo monga mmene lilili. Muyeso wake ndi kupyapyala. Chinthu chikakhuthala kupitirira ma micron 60 chapulumuka, ngakhale chitagwira ntchito mphindi zisanu n'kukhala m'nthaka mibadwo ingapo. Botolo la chakumwa ndi lokhuthala kuposa muyeso umenewo kangapo, motero lamuloli silimalikhudza n'komwe. Kafukufuku amene boma linachita mothandizana ndi bungwe la UNDP ndi la Lilongwe Wildlife Trust anapeza kuti dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo magawo 80 pa 100 alionse ndi yogwira ntchito kamodzi n'kutayidwa. Nthenda yagona apa, pakuti chinthu chikupangidwa n'cholinga choti chitayidwe, koma lamulo lathu likufunsa za makulidwe ake okha. Zaka khumi za milandu zathera pa jumbo, ndipo m'zaka zomwezo botolo ladzaza msika uliwonse popanda wolifunsa. Woyendera malamulo akhoza kulanda majumbo a mayi wogulitsa tomato pa msika wa Zingwangwa, pamene lole yodzaza mabotolo masauzande amene sadzabwereranso ikudutsa kumbuyo kwake mwaulemu wonse. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Phunziro linalipo kale, tikanafuna kuliona. M'chaka chomwecho cha 2015 boma linaletsa mowa wa m'masacheti umene unkawononga ana asukulu. Ife tinakondwera nacho chiletsocho, ndipo tikadakondwerabe. Koma mowa womwewo unabwerera utavala malaya ena, m'timabotolo tapulasitiki, ndipo lero timabotolo timeneto sitisowa m'ngalande za ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Machinjiri. Lamulo loletsa mtundu umodzi wa chotengera limangokankhira wamalonda ku mtundu wina. Limene lingamugwire ndi lomuuza kuti chotengera chilichonse chimene watulutsa ndi chake mpaka chitabwerera.

Ndondomeko yachiwiri yofunika kuiunika ndi ya kusesa. Mu Novembala 2020 mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, anakhazikitsa tsiku losesa m'dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Kwa ife amene timaphunzitsa ana kuti ukhondo ndilo khomo la swala, kuitana kumeneku kunali kosavuta kuvomera, ndipo ambiri tinkatuluka m'swala ya Jumu'a n'kugwira tsache. Tsache sitikulinyoza. Chimene tikutsutsa ndi maganizo amene ali kumbuyo kwake, akuti gwero la zinyalala ndi khalidwe la munthu wamba basi. Munthu amene denga lake likudontha amakolopa, inde, koma akamangokolopa chaka ndi chaka osakwera padenga, anansi amayamba kumukayikira nzeru. Komanso tikasesa, zinyalalazo zimapita kuti? Zamwayi zimakafika kumtaya wa ku Mzedi, kumene zimangounjikana ndi kufuka utsi. Zambiri timaziotcha pomwepo, ndipo utsi wake umalowa m'zifuwa za ana omwewo amene timati tikuwateteza.

Maganizo akuti wolakwa ndi wotaya yekha ali ndi mbiri yake, ndipo ndi bwino tiidziwe. Mu 1953 chigawo cha Vermont ku America chinaletsa kugulitsa mowa m'mabotolo osabwezedwa, chifukwa alimi ankadandaula kuti magalasi otayidwa m'mbali mwa misewu akuvulaza ng'ombe zawo. M'chaka chomwecho makampani opanga zitini, mabotolo ndi zakumwa anathandiza kukhazikitsa bungwe lotchedwa Keep America Beautiful, limene uthenga wake unali wakuti nzika iliyonse isiye kutaya zinyalala. Uthengawo unali wabwino, koma unachotsa maso a anthu pa fakitale n'kuwaika pa dzanja la wogula. Lamulo la ku Vermont linatha mphamvu patapita zaka zinayi, ndipo mabotolo otaya anasefukira. Choncho tikamaona lero kampani ikupereka matsache, magolovesi ndi malaya olembedwa dzina lake pa tsiku losesa, tilandire ndi manja awiri, kenako tifunse kuti mwa mabotolo amene inagulitsa chaka chatha, ndi angati amene inawatenganso.

Wina wa ku Makanjira kapena ku Senga Bay anganene kuti awa ndi mavuto a anthu a m'tauni. N'zoona kuti zinyalala za ku Chitawira sizifika kunyanja: mtsinje wa Naperi umazipereka kwa Mudi, ndipo Mudi amazitsitsira ku Shire, kumunsi. Koma botolo limafika kwanu pa lole, ndipo kwanuko kulibe ngakhale galimoto ya khonsolo imene ife timaidandaula. Likatha ntchito limagona pamchenga kudikira mvula. Ena asodzi amawamangira ku maukonde kuti aziyandama, ndipo chingwe chikaduka amatsala m'madzi. Za mumzinda wa Lilongwe nazo zimatsika ndi mtsinje wa Lilongwe, kulowa mu Linthipe, mpaka kukathira m'nyanja ku Salima. Nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi, kusiya m'mbuyo chilichonse chimene anabwera nacho. Choncho chimene chalowa m'nyanja chimakhalitsa. Pulasitiki siola monga chitsononkho cha chimanga. Dzuwa ndi mafunde zimangoiphwanya kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene timayandama m'madzi momwe usipa ndi utaka zimasakamo chakudya. Iyitu ndi nyanja yokhala ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, imene mbali yake ina ku Cape Maclear inalembedwa ndi UNESCO mu 1984 ngati chuma cha anthu onse.

Ndipo ife ndi inu tamangidwa ndi chingwe chimodzi. Botolo lotayidwa padoko ku Mangochi likhoza kudutsa Malombe, kupyola Liwonde, n'kutsikira ku Walker's Ferry kumene bungwe la madzi la Blantyre limapopa madzi a mzinda uno, ndi ku Nkula kumene zinyalala ndi namasupuni zimatseka masefa a makina opangira magetsi. Madzi amene ana a madrasa athu amachitira wudhu anayamba adutsa pakhomo panu.

Palinso nkhani ya matenda. Botolo lotayidwa limasunga madzi a mvula momwe udzudzu umaswanirana. Ngalande yotsekeka imasakaniza madzi a mvula ndi a m'zimbudzi n'kuwamwaza m'makomo. Sitinaiwale kolera imene inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene analira kwambiri. Sitikunena kuti botolo ndilo linabweretsa kolera. Gwero lake ndi kusowa kwa madzi abwino ndi zimbudzi. Koma ofufuza a ku yunivesite ya Stirling ku Scotland aonetsa kuti tizilombo ta kolera tikhoza kukhala ndi moyo pa zinyalala zapulasitiki n'kubwereranso m'madzi osefukira. Ndipo tonse tikudziwa kumene amachokera ena mwa mabotolo amene timagulamo thobwa, madzi ozizira ndi mafuta ophikira oyeza: amatoledwa m'ngalande ndi kumtaya, n'kutsukidwa ndi madzi amene apezeka.

Mayiko ena anakumana ndi vuto lomweli ndipo anabwerera ku nzeru ija ya kugolosale, koma ataimanga ndi lamulo. Wogula amasiya kandalama ka chikole pa botolo kapena chitini chilichonse, ndipo aliyense wobweza chotengeracho amalandira kandalamako, kaya ndi amene anagula kaya ndi amene anatola. Chigawo cha British Columbia ku Canada chinayamba mu 1970, cha Oregon ku America mu 1971, cha South Australia mu 1977. Germany inaika chikole pa mabotolo otaya mu 2003, lero ndi masenti 25, ndipo oposa 95 pa 100 alionse amabwerera. Ku Lithuania, lamulo lisanayambe mu 2016 linkabwerera botolo limodzi mwa atatu. Patatha zaka ziwiri ankabwerera oposa asanu ndi anayi mwa khumi. Ku Norway anachita mochenjera: kampani imalipira msonkho wa chilengedwe pa chotengera chilichonse, koma msonkhowo umatsika pamene mabotolo obwerera akuchuluka, mpaka kutheratu akafika 95 pa 100. Motero makampani eni ake ndiwo amathamangira kutola.

Mwina munganene kuti awa ndi mayiko olemera, okhala ndi makina olandirira mabotolo m'masitolo. Ndiye taonani Kiribati, kadziko kosauka ka zilumba m'nyanja ya Pacific, komwe anthu ake onse ndi ochepa kuposa a mumzinda wa Mzuzu. Lamulo lawo la 2004 linati woitanitsa zakumwa asiye masenti asanu pa chitini kapena botolo lililonse pamene katundu akulowa m'dziko. Wobweza amalandira masenti anayi, ndipo senti imodzi imatsalira woyendetsa malo olandirira. Dongosolo lotere limafuna malo olandirira, wowerenga wokhulupirika ndi thumba la ndalama losabedwa, ndipo zonsezi sizifuna kuti dziko liyambe lalemera. Pafupi nafe, South Africa inakhazikitsa mu 2021 malamulo okakamiza opanga katundu kulipira ntchito yotolera ndi kukonzanso zotengera zawo. Mfundo yakuti woipitsa ndiye alipire si yachilendo ngakhale kwathu kuno: ili m'lamulo lathu la zachilengedwe la 2017, lomwe linabala MEPA. Chasowa ndi kuisandutsa mtengo wolembedwa pa botolo.

Tisabise zovuta zake, chifukwa lamulo lolembedwa mothamanga lidzakalamba m'makhoti monga linzake lija. Choyamba, anthu adzati zakumwa zakwera mtengo. Chikole si msonkho: umasiya ndalama, umabweza botolo, umatenga ndalama yako. Amene tinaphunzira fiqh tikudziwa kuti nkhani ya chikole ili ndi khomo lakelake pa malamulo a malonda, ndipo pano palibe katapila, pakuti wobweza salandira zoposa zimene zinasiyidwa. Wotaya ndalama ndi yekhayo amene wasankha kutaya botolo, ndipo ndalama yakeyo imapita kwa wotola. M'dziko limene achinyamata ambiri alibe ntchito, botolo lokhala ndi mtengo silingagone m'ngalande mpaka m'mawa. Chikole chimene sichinatengedwe chisalowe m'thumba la kampani kapena kusochera ku Capital Hill. Lamulo linene poyera kuti ndi cholipirira malo olandirira ndi mayendedwe.

Chachiwiri ndi kwacha yathu, imene inagwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. Chikole cholembedwa ngati nambala yosasintha sichidzachedwa kusanduka chopanda pake. Ngakhale ku Oregon masenti asanu a 1971 anafika pochepa mphamvu mpaka anthu anagwa ulesi kubweza; atakweza kufika pa masenti khumi mu 2017, mabotolo obwerera anachulukanso. Lamulo lathu lipatse MEPA mphamvu ndi udindo wounikanso chikolecho chaka ndi chaka.

Chachitatu ndi malire a dziko. Aliyense wa ku Namwera ndi ku Chiponde akudziwa kuchuluka kwa zakumwa za m'pulasitiki zochokera ku Mozambique, monga Frozy. Ngati botolo losalipiridwa chikole lingalandire ndalama kuno, thumba lidzauma msanga. Yankho lake ndi lija la ku Kiribati: chikole chitoleredwe pa chipata cha fakitale ndi pa zipata za dziko, ku Mwanza, Dedza, Mchinji, Songwe, Muloza ndi Chiponde, ndipo botolo lolipiridwa likhale ndi chizindikiro chake. Kutolera kwa makampani ochepa n'kwapafupi kusiyana ndi kuthamangitsana ndi amayi a m'misika yonse ya dziko lino.

Chachinayi ndi amayi a thobwa, amene malonda awo amadalira botolo lotoledwa. Iwowa, pamodzi ndi ana ndi abambo otola kumtaya, ndiwo akhala akugwira ntchito imene makampani anaithawa, ndipo sayenera kukhala oyamba kuvulala nalo lamulo. Botolo likakhala ndi mtengo, wogula thobwa adzalibweza kwa mayiyo m'malo moliponya, monga tinkachitira kugolosale, ndipo iye adzatsuka botolo limene akudziwa kumene lachokera. Magulu a otola apatsidwe mwayi woyamba woyendetsa malo olandirira, chifukwa ntchitoyo akuidziwa kuposa tonsefe.

Chachisanu, ndipo ichi ndicho chachikulu: mabotolo otoleredwawo adzapita kuti? Kusandutsa PET yakale kukhala botolo latsopano kumafuna fakitale yodula, ndipo kutumiza mitolo yake kunja kumadya mafuta. Apa m'pamene tikunena kuti chikole chisasanduke chiphaso chopangira pulasitiki yochuluka. Zipangizo za botolo lapulasitiki timagula kunja, ndi ndalama zakunja zomwezo zimene zimasowa pogula mankhwala ndi feteleza, kenako timazitaya patatha mphindi khumi. Galasi nalo lili ndi katundu wake, n'lolemera ndipo limafuna madzi otsukira, koma limagulidwa kamodzi n'kugwira ntchito maulendo ambiri. Dongosolo lake likadalipo m'dziko muno: makireti alipo, malole alipo, eni magolosale akulidziwa. Lamulo lanzeru lingapeputse msonkho pa chakumwa cha m'botolo lobwezedwa n'kuulemeretsa pa cha m'botolo lotaya, kuti chimene tili nacho kale chisafe tikuchiona.

Chala chimene taloza ena chitilozenso ife. Pa nikaha ndi pa sadaka za masiku ano ulemu wa mwini mwambo ukuyezedwa ndi mitolo ya timabotolo ta madzi, ndipo alendo akabalalika bwalo limatsala ngati kwagwa matalala, timabotolo tambiri titamwedwa theka. M'mwezi wa Ramadhan, futari ya pamzikiti imasiya mulu umene m'mawa mwake umaotchedwa kuseri kwa mpanda. Ife aphunzitsi timauza ana kuti israf, kumwaza zinthu mopyola muyeso, n'koletsedwa ngakhale pa madzi a wudhu, ndi kuti dziko lapansi tinapatsidwa ngati amana, chosungitsidwa chimene Allah adzatifunsa. Ana amamva mawuwo m'kalasi n'kuona zina pabwalo. Ndowa yovundikira ya madzi othira mankhwala, makapu otsukidwa bwino ndi makireti a galasi zinkakwanira maukwati a makolo athu. Komiti ya mzikiti ikhoza kugwirizana zimenezi Lachisanu likudzali popanda kudikira nyumba ya malamulo.

Koma komiti ya mzikiti singaike mtengo pa botolo. Imeneyo ndi ntchito ya aphungu, ndipo aphungu a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota ndi anu. Akabwera pamaliro kapena pamsonkhano wa chitukuko, afunseni ngati anaganizapo za lamulo la chikole cha mabotolo, ndi chifukwa chake dziko limene linalimbana ndi jumbo zaka khumi silinaikebe mtengo pa botolo. Mabungwe athu a Chisilamu, amene amaitanidwa boma likamakonza za maukwati ndi za maphunziro, ali ndi pakamwa ponenera izinso. Ife kuno ku Chitawira makasu ndi mafosholo tawaika pafupi, pakuti mitambo yayamba kale kusonkhana pa phiri la Soche, ndipo kalavati ija tidzaitsegulanso. Tingakonde kuti chaka china tidzapeze mwana wa madrasa atatitsogolera pamenepo, atatola kale mabotolo onse n'kukawasinthitsa ndi ndalama ya makope.